Kwa Mlimi Amene Amamanganso Nyumba: Njira Yopezera Chiphaso cha NCC

Pasukulu yathu ino palibe wophunzira amene amatsiriza maphunziro asanagwirepo fosholo ndi simenti. Khola la nkhumba limafuna pansi polimba ndi potsetsereka kuti madzi azituluka. Khola la nkhuku limafuna khoma lalifupi lotchinga mphepo ndi agalu, ndipo thanki ya madzi singakhale pamiyendo yogwedera. Timaphunzitsa zimenezi chifukwa cha ulimi, koma luso likalowa m'manja silifunsa kuti linaphunziridwa chifukwa chanji. Ambiri mwa inu amene munachoka kuno, mukakolola m'mwezi wa Meyi, mumatenga levulo ndi chingwe n'kupita kukamanga ku Kawama, ku Chamboli, ku Twapia kapena ku Chipulukusu, kufikira mvula itayandikira mu Novembala. Ndalama ya ntchito imeneyo ndiyo imagula mbewu ndi feteleza.

M'makalata amene mwatitumizira, funso limodzi labwera kawirikawiri: kodi chiphaso cha womanga nyumba chimapezeka bwanji? Phunziro lino likuyankha funso limenelo.

Tiyambe ndi kuwongola funsolo. M'dziko la Zambia mulibe pepala limodzi lotchedwa chiphaso cha womanga nyumba zogonamo. Ku South Africa lilipo, pakuti kumeneko bungwe la NHBRC limalemba m'kaundula omanga nyumba za anthu, ndipo abale athu amene anagwirako ntchito amabwera ndi ganizo lakuti kunonso zili chomwecho. Kwathu kuno pali zinthu zitatu zosiyana zimene anthu amazisakaniza. Pali satifiketi yochitira umboni kuti manja anu amadziwa ntchito. Pali mapepala osonyeza kuti bizinesi yanu ndi yodziwika ku boma. Ndipo pali chiphaso cha bungwe la National Council for Construction, limene aliyense amangolitcha NCC, cholola bizinesi imeneyo kulandira ntchito zomanga m'dzina lake. Chimene ambiri mukufuna ndi chachitatucho, koma icho chimabwera potsiriza, monga denga, ndipo sichingaime popanda ziwiri zinazo.

Bungwe la NCC linakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 13 la chaka cha 2003, limene linalowedwa m'malo ndi lamulo nambala 10 la chaka cha 2020. Likulu lake lili ku Lusaka, ndipo ku Kitwe kulinso ofesi yake. Kwa amene muli ndi abale ku Malawi, bungwe lofanana nalo kumeneko linkadziwika ndi dzina la NCIC. Ntchito ya NCC ndi kulemba makontilakitala m'kaundula, kuwaika m'magulu, kuyendera ntchito zawo ndi kulanga ophwanya malamulo.

Magulu ake ndi a mitundu iwiri. Mtundu woyamba umanena za ntchito imene mumagwira, ndipo umalembedwa ndi zilembo: B ndi ya nyumba ndi zomanga zonga izo, C ndi ya ntchito zazikulu monga milatho ndi mapaipi a madzi, R ndi ya misewu. Palinso magulu a zamagetsi, a zamakina ndi a ntchito za m'migodi. Lanu ndi B. Mtundu wachiwiri umanena za kukula kwa ntchito imene mungaisenze, ndipo umayambira pa giredi 6 kufikira pa giredi 1. Chenjerani pamenepa, pakuti manambala amayenda chobwerera: giredi 6 ndiyo yapansi, yoyambira, pamene giredi 1 ndi ya makampani akuluakulu. Giredi iliyonse ili ndi malire a mtengo wa ntchito imene ingalandire. Makampani akunja amalembedwa m'magiredi apamwamba okha, choncho magiredi apansi ndi munda wa nzika za dziko lino. Mlimi womanga akalowa, amalowera pa B, giredi 6.

Umboni wa manja

Mmisiri angathe kumanga zaka 20, makoma ake n'kukhala owongoka ngati muvi, koma wa mu ofesi saona makoma, amaona pepala. Pepala limeneli limachokera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Mayeso ake a amisiri ali ndi makwerero atatu, ndipo nawonso amayenda chobwerera: mumayamba ndi 3, kenaka 2, n'kutsiriza ndi 1. Pamwamba pake pali satifiketi ya Craft, imene imafuna kukhala m'kalasi nthawi yaitali. Ntchito yoyenera ambiri a inu ndi yoyala njerwa ndi kupaka pulasitala. Ena mungasankhe ukalipentala kapena ntchito ya mapaipi.

Chimene tikufuna kuti muchimvetse bwino n'chakuti mayeso amenewa sanaikidwire okhawo amene anapita patali ndi sukulu. TEVETA imavomereza luso limene munthu analiphunzira pa ntchito, ndipo mbali yaikulu ya mayeso a giredi yoyambira ndi kuchita ndi manja: kumanga ngodya, kulumikiza njerwa bwino, kusunga levulo. Bambo kapena mayi amene analekera sukulu pa giredi 7 asadzichotse yekha. Masukulu a ntchito zamanja ali pafupi nafe, monga Kitwe Vocational Training Centre ndi Northern Technical College ya ku Ndola, ndiwo malo oyamba kukafunsa kumene ntchito yanu imayesedwa ndi nthawi yake. NCC nayonso ili ndi sukulu yake ya zomangamanga, imene imachititsa maphunziro aafupi a makontilakitala aang'ono.

Palinso bungwe la Engineering Institution of Zambia, EIZ. Ambiri amaganiza kuti ndi la mainjiniya a madigiri okha, koma lili ndi gawo la amisiri a ntchito zamanja. Mukalandira satifiketi yanu, kalembetseni kumenekonso.

Nanga ngati mwini bizinesi alibe satifiketi? Malamulo amalola kulemba ntchito munthu amene ali nayo ndi kupereka mapepala ake. Koma akhale munthu amene adzaimadi pamalo a ntchito ndi kulandira malipiro, osati dzina longobwereka. Tibwereranso ku nkhani imeneyi.

Kubadwa kwa bizinesi

NCC imalemba mabizinesi, choncho bizinesi iyenera kubadwa kaye. Imabadwira ku PACRA. Mumasankha dzina, iwo amafufuza ngati palibe wina amene analitenga kale, ndipo mukatero mumalembetsa. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kulembetsa dzina la bizinesi chabe. Imeneyi ndi yotsika mtengo ndi yosavuta, koma pamaso pa lamulo inu ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi: bizinesi ikagwa m'ngongole, okongoza angathe kufika pa ng'ombe zanu ndi pa chigayo chanu. Yachiwiri ndi kampani ya Limited, imene imafuna otsogolera osachepera awiri ndi mapepala ochulukirapo, koma imalekanitsa chuma cha kampani ndi chuma cha pakhomo. Kwa mlimi amene ali ndi ziweto ndi zipangizo zoti angataye, kusiyana kumeneku si kwakung'ono, ndipo ife timaona kuti njira yachiwiri ndi yoyenera kuiganizira mofatsa ngakhale ili yotopetsa. Pa zonsezi mudzafunika chitupa chanu cha NRC. Amene makolo anu anabwera kumigodi kuchokera ku Nyasaland, ndipo mapepala a m'banja sanalongosoke, yambani ndi kukonza chitupa, chifukwa khomo lililonse lidzachifuna.

Kuchoka ku PACRA mumapita ku ZRA kukatenga nambala ya msonkho, TPIN, m'dzina la bizinesi, pamodzi ndi satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Apa ndi pamene alimi ambiri amapunthwa, osati polembetsa koma pambuyo pake. Bizinesi ikalembedwa, imayenera kupereka malipoti a msonkho pa nthawi yake, ngakhale m'miyezi imene sinagwire ntchito. Munthu amene amamanga m'chilimwe n'kubwerera kumunda m'dzinja amaiwala zimenezi, poganiza kuti popeza sanapeze kanthu palibe choti anene. Chilango chimaunjikana mwakachetechete ngati chiswe m'phaso, ndipo amadzachidziwa tsiku limene akufuna satifiketi yatsopano. Lipoti losonyeza kuti mwezi uno simunapeze kanthu limatumizidwa pa intaneti m'mphindi zochepa. Ngati simudziwa kachitidwe kake, mwana wanu wa ku sekondale akuthandizeni.

Kenaka pali mabungwe oteteza antchito. Ku NAPSA, wantchito amadulidwa 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro ake, ndipo bwana amawonjezerapo 5 kwacha ina. Ku NHIMA, ya inshuwalansi ya zaumoyo, aliyense wa awiriwa amapereka 1 kwacha pa 100. Ndipo pali Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lake lili ku Ndola komweku. Kumeneku amalipira ndi bwana yekha, wantchito sadulidwa kanthu. Anthu a ku Copperbelt sitifunika kuuzidwa chifukwa chake thumba lotere lilipo. Tinaona agogo ndi amalume athu akubwerera kuchokera kumigodi ndi zifuwa zodzaza fumbi. Ntchito yomanga nayonso imavulaza. Mnyamata akagwa kuchokera padenga n'kuthyoka msana, bwana wolembetsa amakhala ndi kothawira, pamene wosalembetsa amagulitsa munda, kapena, chimene chimachitika kawirikawiri, amathawa n'kusiya wovulalayo m'manja mwa amayi ake. Mkhristu asaone ndalama imeneyi ngati msonkho wina wongomuvutitsa. M'buku la Deuteronomo, mutu 22, muli lamulo lakuti womanga nyumba yatsopano atchinge m'mbali mwa denga, kuti mwazi wa munthu wogwa usakhale pa nyumbayo. Nkhani ya chitetezo cha pamalo omanga ndi yakale choncho.

Tsegulaninso akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesi, ndipo ndalama za chimanga zisalowemo.

Pakhomo la NCC

Mapepala onsewa akakwana, mumadzaza fomu ya NCC, imene imapezeka ku ofesi ndi pa intaneti. Mumasankha gulu ndi giredi, mumalumikiza makope a mapepala a PACRA, a ZRA, a NAPSA ndi a Workers' Compensation, masatifiketi a amisiri anu, umboni wa akaunti ya kubanki, ndi adiresi ya kumene bizinesi imapezeka. Makope akhale otsimikizidwa ndi wolumbiritsa anthu wovomerezeka. Mitengo yolipira ndi malire a giredi iliyonse zimasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho tengani manambala pa fomu ya chaka chimenecho, osati pakamwa pa mnzanu amene analembetsa zaka zisanu zapitazo. Lipirani mwa njira imene bungwe lalamula, sungani lisiti, ndipo musapatse ndalama munthu woima panja amene akuti ali ndi mnzake m'kati.

Chiphasocho ndi cha chaka chimodzi, ndipo chimatha pa 31 Disembala. Ichi ndicho chinthu chimene tikufuna kuti mukhale nacho pansi musanayambe ulendo wonsewu. Chiphaso chili ngati ng'ombe ya mkaka: imadya tsiku lililonse, kaya ikukamidwa kaya yauma. Chaka ndi chaka pali ndalama ya NCC, malipoti a ku PACRA, a ku ZRA, zopereka za antchito. Ngati ntchito yanu ndi kumanga makola pafamu panu, kapena kulembedwa ganyu pa tsiku ndi kontilakitala wina, chiphaso cha NCC si chanu. Satifiketi ya TEVETA ndi yokwanira, ndipo idzakweza malipiro anu. Chiphaso ndi cha munthu amene akufuna kulandira nyumba yonse m'dzina lake, kulemba antchito, kusaina mgwirizano, ndi kuyankha mlandu khoma likang'ambika.

Komabe pali chifukwa chimene funsoli lachulukira zaka zino. Mu 2022 boma linakweza thumba la chitukuko cha madera a aphungu, CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo lakhala likukwerabe. Pa nthawi imeneyo Kitwe anali ndi madera asanu, Chimwemwe, Kamfinsa, Kwacha, Nkana ndi Wusakile, ndipo Ndola anali ndi anayi, Bwana Mkubwa, Chifubu, Kabushi ndi Ndola Central. Gawo lalikulu la ndalamazi limapita ku zipinda zophunziriramo, nyumba za aphunzitsi ndi anamwino, zimbudzi, ndi tizipatala tating'ono. Izi ndi ntchito za msinkhu wa mmisiri wabwino wa kumudzi, ndipo cholinga cha boma n'chakuti zipite kwa anthu a m'dera lomwelo. Koma khonsolo singapereke ntchito kwa munthu wopanda chiphaso cha NCC. Ndiye chimachitika n'chakuti mwini mapepala, amene mwina sanagwirepo njerwa, amalandira ntchito, n'kulemba inu kuti mumange pa mtengo wa ganyu. Manja ndi anu, phindu ndi lake. Wofuna ntchito za boma alembetsenso ku ZPPA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, limene lili ndi njira ya pa intaneti yolengezera matenda a ntchito, kutanthauza mipikisano yopempha ntchitozo.

Apa tibwerere ku nkhani ya mapepala obwereka. Alipo anthu amene amabwereketsa chiphaso chawo kuti wina apezere ntchito, iwo n'kudyapo gawo. Alipo amene amalemba dzina la mmisiri amene sanamuonepo. Njira imeneyi imaoneka yachidule, koma taganizirani kumene ikupita. Ndalama za ntchito zimalowa mu akaunti ya mwini chiphaso, ndipo akakana kukupatsani, mulibe pepala loti mupite nalo kukhoti, chifukwa mgwirizano wanu unali wobisa. Ntchito ikatha bwino, mbiri yake imalembedwa pa dzina lake, ndipo ndiye amakwera giredi. Ikalephera, woyendera ntchito amapeza inu pamalopo. Kupereka umboni wabodza ku NCC ndi mlandu, ndipo kungafafanizitse dzina m'kaundula. Njira yabwino ndi imene makolo anaiona kale pamene anati mutu umodzi susenza denga. Anthu atatu kapena anayi amene munaphunzira limodzi, wina woyala njerwa, wina kalipentala, wina wodziwa kusunga mabuku, mungathe kulembetsa kampani imodzi ndi kugawana mtolo wa chaka ndi chaka. Lembani pa pepala, tsiku loyamba lomwelo, gawo la aliyense ndi chimene chidzachitike wina akafuna kuchoka. Ubale wa mu mpingo sulowa m'malo mwa pepala limeneli, umalimba nalo.

Chiphaso chili m'manja, kenaka?

Chiphaso cha kontilakitala si chilolezo chomanga pamalo. Mwini nyumba ayenera kukhala ndi mapepala a malo, ndipo pulani yake ivomerezedwe ndi khonsolo ya mzinda wa Kitwe kapena wa Ndola, monga mwa lamulo la 2015 la kakonzedwe ka mizinda ndi madera. Funsani kuti muione pulani yodindidwayo musanakumbe maziko. Malo a m'madambo a Kafubu ndi m'mbali mwa Kafue amakopa anthu chifukwa ndi otsika mtengo, koma mlimi amadziwa bwino kuposa wina aliyense chimene dothi la kudambo limachita: limafufuma m'dzinja, limang'ambika m'chilimwe, ndipo nyumba imang'ambika nalo. Kukana ntchito yotere kumapweteka m'thumba mwezi umodzi wokha.

Chimene chimagwetsa makontilakitala atsopano ambiri si khoma lokhota koma masamu. Pofuna kupambana mpikisano amatchula mtengo wotsika, ndipo ndalama zimatha nyumba ili pa mawindo. Phunzirani kuwerengera monga momwe timawerengera mbewu pa hekitala. Mabuloko a masentimita 40 m'litali ndi 20 m'mwamba amalowa 25 pa masikweya mita awiri a khoma. Khoma la mamita 10 m'litali ndi mamita 2.8 m'mwamba ndi masikweya mita 28, choncho lifuna mabuloko 350, ndipo muwonjezerepo pafupifupi 20 a osweka panjira. Chitani chomwecho ndi simenti, mchenga, miyala, matabwa, malata ndi misomali, kenaka muikepo thiransipoti, madzi, mlonda, malipiro a antchito ndi zopereka zawo, msonkho, ndipo potsiriza phindu lanu. Tili ndi mwayi kuti simenti imapangidwa pafupi, ku Ndola ndi ku Masaiti kumene fakitale ya Dangote inatsegulidwa mu 2015, komabe mtengo wake umayenda, choncho lembani pa kotesheni kuti mtengo wanu udzagwira ntchito masiku angati.

Dziwaninso kuti pa ntchito za boma ndalama zimabwera m'zigawo, ntchito itayenderedwa ndi kuvomerezedwa, ndipo kagawo kena kamasungidwa kufikira patapita miyezi yoonera ngati nyumba ilibe chilema. Amene alibe ndalama yoyambira amathamangira kwa akatapila, ndipo phindu lonse limathera kumeneko. Musagulitse ng'ombe zolimira chifukwa cha ntchito imodzi. Ndi bwino kuyamba ndi chimbudzi cha sukulu n'kuchitsiriza, kusiyana ndi kulandira zipinda zitatu n'kuzisiya pa lintala.

Pa kamangidwe komweko tinena zochepa, pakuti munaphunzira. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo imafika pa mphamvu yake patatha masiku 28. Thumba la simenti la makilogalamu 50 lili ndi malire a mabuloko amene lingatulutse, ndipo wowonjezera mchenga kuti achuluke akuba kwa mwini nyumba. Pulasitala amabisa zambiri, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mvula ya Januwale imaulula zonse.

Ntchito iliyonse imene mwatsiriza, ngakhale yaing'ono, pemphani kalata kwa mwini wake yonena chimene munamanga, mtengo wake ndi tsiku limene munatsiriza. Jambulani zithunzi za maziko, za makoma ndi za denga. Sungani zonsezi mu fayilo imodzi pamodzi ndi mapepala a kubanki, pamalo pamene chiswe ndi mvula sizifika. Tsiku limene mudzapemphe kukwera kupita ku giredi 5, NCC idzafunsa ntchito zimene munagwira, antchito aluso amene muli nawo, zipangizo zanu ndi kayendedwe ka ndalama zanu. Amene anayamba kusunga makalata otere asanalembetse n'komwe amakhala patsogolo.

Chotsiriza ndi kalendala, chifukwa ya kontilakitala ndi ya mlimi zimawombana. Nthawi yokonzanso chiphaso imafika kumapeto a chaka, pamene ndalama zonse zapita ku mbewu, feteleza ndi aganyu opalira, ndipo inu muli kumunda kuyambira m'bandakucha. Patulani ndalama ya chiphaso mu Ogasiti kapena Seputembala, ntchito zomanga zikadali zambiri, ndipo muonetsetse kuti mapepala a ZRA, NAPSA ndi Workers' Compensation ali bwino mvula yoyamba isanagwe. Amene mukufuna kulemba mayeso a TEVETA chaka chikubwerachi, perekani mayina anu ku ofesi ya sukulu ino, kuti tione ngati mungakwane gulu loyeserera kumanga ngodya Loweruka lililonse, pa khola latsopano la mbuzi limene tikuyamba kukumba maziko ake.